Ziwala za Bwana Ramiro

Padangotero, Zione wa ku Dedza adapita kukaphunzitsa Chingerezi ku Oaxaca, m'dziko la Mexico. Mwini sukulu imene ankaphunzitsapo, bwana Ramiro, adali ndi kamsampha kake. Mphunzitsi wachilendo ankamuikira mbale ya ziwala zokazinga ndi tsabola. Akalephera kudya, ndiye ankatsala kuphunzitsa pa sabata ya tchuthi, anzake akusambira kunyanja. Azungu awiri adali atakodwa kale.

Mbale itafika, Zione adatong'ola maso nkugwira pakhosi.

"Mayo ine! Bwana, tizilomboti anthu amadya?"

"Amadya," adatero Ramiro, uku akutsinzinira aphunzitsi ena.

"Koma ndiye nkhanza. Chabwino, ine ndikalephera nditsala. Nanga ndikamaliza atsala ndani?"

Ramiro adaseka chikhakhali mpaka kumenya tebulo. "Ukamaliza nditsala ndine, ana a m'kalasi mwako ndiwaphunzitsa ndekha! Nonse mwamva."

"Tamva," adavomera aphunzitsi aja.

Pompo Zione adasamba m'manja, nakhala bwinobwino pampando. Adatapa ziwala kudzaza dzanja nkuyamba kukukuta. Adatapanso, natapanso, mpaka mbale mbee! Kenaka adanyambita zala.

"Mchere wachepa, bwana," adatero. "Kwathu izi timathamangitsa tokha m'tchire mame asanakamuke. Palibe zina?"



Lolemba m'mawa, Zione ali pawindo la basi yopita kunyanja, bwana uja adali chilili kutsogolo kwa kalasi, thukuta lili kamukamu, Chingerezi chake chonse chitathera pa moni.