Vumbwe ndi Gule wa Pansi pa Bango

Kalekale (yankhani kuti "Tili tonse", inunso akuluakulu musangoti duu!), panali Namzeze, kambalame koyenda maiko. Mvula ikatha ankauluka kupita kutsidya kwa nyanja zamchere. Mvula ikayamba ankabwerera, katundu wake ali nyimbo ndi malonje a eni maikowo.

Chaka china Nkhanga anamusiyira anapiye ake asanu ndi awiri.

"Amnzanga, ndikukatola mapira kumunda. Aphunzitseni za kumaikoko, koma madzulo ndiwapeze onse."

"Pitani, mayi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Sukulu inali pansi pa mkuyu, pafupi ndi chitsamba cha minga. Ng'oma inali chigoba cha dambe, Namzeze akuchigogoda ndi mlomo, go! go! go!

"Aswahili akamatsanzika amati bwanji?"

"Kwaheri!" anayankha anapiye.

"Nanga Apwitikizi?"

"Adeusi!"

Anawaphunzitsanso gule wa kuzilumba zakutali. Kumeneko amapingasa ndodo, ovina n'kumadutsa pansi pake chagada, ndodo ikutsikiratsikira. Anapiye anamukonda guleyu kuposa chiswe.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Udzu unangoti pwa, uyu Vumbwe watulukira, mimba ili tantha ndi mbewa za m'mawa, koma dovu lili chuchuchu. Namzeze anachita mantha zedi, poti kambalame kotere kangamenyane bwanji ndi chimphaka cha m'tchire?

"Takulandirani, a Vumbwe. Mwabwera kudzaphunzira?"

"Kuphunzira chiyani? Nyimbo za eni zinakhutitsapo ndani? Ine chilankhulo changa n'chimodzi, cha m'mimba."

Namzeze anatera pakhutu pake n'kunong'ona: "Achimwene, mukadumpha pano mugwira mmodzi, enawo balala muudzu. Koma pa gule wa kuzilumba ana amayenda pamzere, wamkulu pambuyo. Gule akamatha, onse amaunjikana malo amodzi."

"Onse asanu ndi awiri?"

"Onse. Koma mwambo wake ngwakuti ndodo saidumpha. Mukaidumpha, gule wafa, ana amabalalika."

"Imbani msanga!" anatero Vumbwe, akunyambita milomo.

Anapiye anaika bango pa timphanda tiwiri. Ng'oma ija go! go! go!

"Werama, werama, dutsa pansi!
Bango latsika, dutsa pansi!"

Ana anadutsa, tswii, tswii. Vumbwe anagona chagada, nakwekwereza msana, kwe kwe kwe, nadutsa.

"Eee! Koma inu munabadwira kuzilumba, eti?" anatero Namzeze.

"Agogo anga akuchimuna anali akomweko," ananama Vumbwe, chikhalirecho ngakhale dambo la kuseri kwa phiri sanafikeko.

Bango linatsika. Go! go! go! Ana anadutsa, tswii, tswii. Vumbwe anapana mpweya, mimba n'kukhudza bango pang'ono, koma anadutsa, befu ali wefuwefu.

"Ndidye tsopano?"

"Kwatsala ndime ya akatswiri. Bango ndi la ana. Akatswiri amadutsa apo."

Namzeze analoza muzu wa mkuyu umene unakhota pamwamba pa dothi, n'kusiya kampata konga khomo la khola la nkhuku. Kuseri kwake kunali chitsamba cha minga chija.

Go! go! go! "Werama, werama, dutsa pansi!"

Mwanapiye woyamba tswii, wachiwiri tswii, mpaka wachisanu ndi chiwiri. Onse anakaunjikana m'kati mwa minga, monga Namzeze analonjezera. Vumbwe atawaona ali pamodzi, nzeru zinathawa. Anagona chagada, nalowetsa mutu, nalowetsa mapewa. Pofika pamimba, nga!

Kutsogolo, ayi. Kumbuyo, ayi. Miyendo inayi m'mwamba, ikupalasa mphepo.

"Namzeze! Kwezani ndodoyi!"

"Pepani, achimwene, imeneyo anaika ndi mkuyu. Mukambirane ndi mwini wake."

"Ndikumva kuwawa!"

"Ndi mbewa za m'mawa zija. Dikirani ziphwe."

Kenaka Namzeze anatembenukira kuminga. "Ana inu, mlendo samusiya osatsanzika. Aswahili amati bwanji?"

"Kwaheri, a Vumbwe!"

"Apwitikizi?"

"Adeusi, a Vumbwe!"

"Akuti chiyani? Akunditukwana?" anakuwa Vumbwe.

"Mukanalowa sukulu, bwenzi mutamva," anatero Namzeze.

Anapiye anatulukira mbali ina ya minga, pamzere, akuvina. Nkhanga pochokera kumunda anawerenga, napeza asanu ndi awiri, nalira ndi chimwemwe. Vumbwe anakhala pansi pa muzu masiku awiri, mpaka mimba inaphwa. Mpaka lero akamva ng'oma amalambalala.

Nthano yanga yathera pa muzu pomwepo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule isanapserere. Ndipo inu amene mumati za eni sizikhutitsa, mukamva ana akuimba nyimbo yachilendo, funsani tanthauzo. Mwina akutsanzika inuyo.