Mpando Umodzi wa Alongo a Sungeni

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la masiku amene makalata ofunsira malo ankayenda pa positi, m'tauni ina yaing'ono ya m'mphepete mwa njanji munali mayi wina dzina lake Sungeni Kalimbuka. Anali mlangizi wa zaulimi. Makolo ake anali atamwalira, ndipo sanali pabanja, koma anali ndi alongo ake atatu. Wamkulu anali Lufeyo, mesenjala wa kukhoti ndiponso mkulu wa mpingo. Wopondana naye anali Yotamu, telala wa pakhonde la sitolo. Wachitatu anali Manase, mlimi, amene anatsala pamudzi. Sungeni ndiye anali mzime.

Chimene Sungeni ankafuna chinali chimodzi: kukapitiriza maphunziro kuti afufuze bwino za anankafumbwe, amene chaka ndi chaka ankasandutsa chimanga cha anthu fumbi iye akuona. Maphunziro otero ankapezeka kunja kokha, ndipo malipiro a mlangizi sakanamufikitsa ngakhale pabwalo la ndege. Njira inali yoti apeze bungwe lomulipirira.

Anafunsira zaka zisanu ndi chimodzi. Amene sanayesepo sadziwa kutopetsa kwake: mafomu, zithunzi, zidindo, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi ake akale, amene pamapeto anayamba kukhotera njira ina akamuona akubwera ndi envulopu. Mabungwe ambiri sankayankha n'komwe. Ena ankayankha patapita miyezi isanu, mizere iwiri yothokoza basi. Limodzi lokha ndilo linapereka chifukwa. Linati maganizo ake ndi abwino, koma palibe chosonyeza kuti ntchitoyo anaiyambapo ndi manja ake. Zaka nazo zinkapita. Mabungwe ambiri sankatenga munthu wopitirira zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo iye anali atatsala ndi ziwiri.

Tsopano mverani zimene alongo atatuwo anachita, ndipo mumvere mwadongosolo, chifukwa pamapeto ndikufunsani.

Woyamba kuchitapo kanthu anali Manase. Sungeni atamuwerengera kalata ya bungwe limene linapereka chifukwa lija, anamufotokozera kuti ankaganiza kuti masamba a chitsamba cha ombwe, ataumitsidwa ndi kusinjidwa, angateteze chimanga. Koma kuti zitsimikizike pankafunika matumba ena othira masambawo ndi ena osathira kalikonse, kuti aone kusiyana kwake. Mlimi ndani angasiye chimanga chake osathira mankhwala mwadala? Manase anakolola matumba khumi ndi anayi chaka chimenecho. Anapatula asanu ndi atatu, nati, "Tengani awa, achemwali. Mukawalembe manambala anuwo." Mkazi wake sanamufunse, ndipo chimenecho chinali cholakwa, chifukwa nkhokwe si ya mwamuna yekha. Miyezi isanu ndi umodzi Sungeni ankabwera Loweruka lililonse, kutsegula matumba, kusefa, kuyeza, kulemba. Matumba osathira kanthu aja anafumbwa onse, ndipo mwa othira masamba limodzi linapitanso. Mu Febuluwale ana a Manase ankadya kamodzi pa tsiku, ndipo mkazi wake anatenga ang'onoang'ono awiri n'kupita kwawo mpaka chimanga chachiwisi chitacha. Koma Sungeni anali ndi kope lodzaza ndi zimene anaona ndi maso ake.

Kopelo linangokhala m'sutikesi. Anafunsiranso kawiri, osayankhidwa, ndipo mtima wake unatha. Anauza abale ake kuti nkhani ya sukulu asamuuzenso.

Amene sanamvere anali Yotamu. Telala ameneyu ankagula manyuzipepala akale kwa munthu wina wa kumsika, n'kumajambulapo maonekedwe a chovala asanadule nsalu. Anali ndi mwambo wake: pepala lililonse ankaliwerenga kaye lumo lisanadutsepo, ndipo akaona chilengezo cha maphunziro ankachidula n'kuchiika m'chitini cha mabatani. Anachita zimenezo zaka zonsezo. Zambiri zinali zotha masiku, zina za madokotala, zina za amisiri a misewu, ndipo anzake a pakhonde ankamuseka kuti akufuna kukhala pulofesa wa zigamba. Sungeni yemwe anamukalipirapo kuti asiye kumubweretsera zinyalala. Tsiku lina, atatanganidwa ndi yunifolomu za sukulu, anadula asanawerenge. Atatembenuza pepala la mkono wa malaya, anaona mawu akuti kusunga zokolola, ndi tsiku lotsekera limene linali patsogolo ndi masiku khumi ndi awiri. Koma adilesi inali itapita ndi lumo, ndipo zodulidwazo zinali zitasesedwa kale. Anavundikira makina ake, nyengo imene telala amapezamo chakudya cha chaka chonse, napita kwa wogulitsa mapepala uja. Masiku atatu anagwada pa mulu wa manyuzipepala, akutembenuza limodzilimodzi, mpaka anapeza lina la tsiku lomwelo lathunthu. Atapita nalo kwa Sungeni, iye anakana kuliyang'ana. Yotamu anakhala pansi pakhomo pa ofesi yake, nati sachokapo mpaka aliwerenge. Analiwerenga chifukwa cha manyazi.

Fomu itabwera, panatuluka vuto limene banja lonse linali litaliiwala. Bungwelo linkafuna umboni wa tsiku lobadwa, ndipo umboni wokhawo umene Sungeni anali nawo unali khadi la ubatizo. Pakhadipo panalembedwa Sungeni Kalimbuka. Koma pa masatifiketi ake onse, kuyambira la Sitandade 8 mpaka la kukoleji, panalembedwa Elube Chapotera. Achinyamata mwina simudziwa. Masiku amenewo anthu ankakhulupirira kuti wobwereza sasankhidwa kupita ku sekondale, choncho mwana akalephera kusankhidwa ankakamulembetsa pasukulu ina ndi dzina lina. Sungeni anasiyidwa kawiri. Kachitatu, Lufeyo anamutenga pa njinga n'kukamulembetsa ndi dzina la msuweni wawo amene anali atasiya sukulu, ndipo anasankhidwa. Ambiri ankachita, koma kuchuluka kwa ochita sikusandutsa bodza kukhala choona.

Anthu ena analangiza kuti apeze wolemba khadi lina la ubatizo. Lufeyo anakana, nati bodza limodzi lamukwana. Iye ankadziwa njira ya lamulo, chifukwa anainyamulira mafayilo zaka makumi awiri: pankafunika kalata yolumbira pamaso pa woweruza, yonena kuti Elube ndi Sungeni ndi munthu mmodzi, ndi kufotokoza amene anasintha dzinalo. Tauniyo inali ndi khoti limodzi. Choncho Lolemba m'mawa Lufeyo anapereka tiyi kwa woweruza monga mwa nthawi zonse, kenako anavula chipewa chake cha ntchito, naima pamalo pamene ankaimikapo anthu ena, nagwira Baibulo, naulula. Makalaliki onse anamva. Kalata inadindidwa ndipo envulopu inanyamuka kutatsala masiku awiri. Nkhaniyo inafika kumpingo Lamulungu lisanakwane. Anamuimitsa ukulu wa mpingo, ndipo nthawi yake itatha sanamusankhenso.

Sungeni anaitanidwa kukafunsidwa mafunso, ndipo anapambana. Wapampando wa komiti yosankha anamuuza yekha mmene anasankhira. Anati ofunsira anali mazana. Amene makalata awo anafika mochedwa sanawatsegule n'komwe. Amene mapepala awo sankagwirizana anawaika pambali osawerenga. Mwa otsalawo, anatenga amene anali ndi ntchito yoyamba kale m'manja.

Anapita, naphunzira zaka zinayi. Chaka chomaliza anabwerera kwawo kudzamalizitsa zolemba zake, ali wowonda ndiponso ndi imvi zoyamba. Kenako kalata ya bungwe inafika. Inati pa mwambo wolandira digiri bungwelo limaitana wachibale mmodzi, kumulipirira ulendo ndi kumukhazika pampando wakutsogolo, ndipo dzina lake limawerengedwa pamaso pa onse monga munthu amene anathandiza koposa. Pansi pa kalatayo panali mzere umodzi wolembapo dzina, ndipo yankho linkayenera kutumizidwa pofika Lachisanu la sabata yachitatu.

Sungeni analemba kupempha mipando itatu. Anamuyankha mwaulemu kuti lamulo ndi limodzi kwa onse. Anafunsa ngati angawerenge mayina atatu ngakhale wopita ali mmodzi. Anati amawerenga la amene wakhala pampandopo. Pamenepa sindiwadzudzula, chifukwa bungwe losintha malamulo kwa aliyense wopempha silikhalitsa. Masabata awiri anathera m'makalata amenewo.

Lamulungu masana anaitana alongo ake pakhonde la Yotamu, sitolo ili yotseka. Anawawerengera kalatayo, nanena kuti iye waganiza zousiya mzerewo wopanda kanthu. Lufeyo anakana. Anati mpando wopanda munthu udzauza alendo kuti mwana wa Kalimbuka alibe abale, ndipo manyazi amenewo ndi a anayi onse. Enawo anavomereza. Pa chimenecho chokha ndi pamene anagwirizana.

Yotamu ndiye anayamba. Anati iye safuna ndege, mabondo ake sakonda kukhala nthawi yaitali, koma choona chinenedwe: chilengezocho chikanapita kudzala, kope la matumba a Manase likanadyedwa ndi njenjete ndipo Baibulo la kukhoti likanakhala m'kabati.

"Inu munawerenga nyuzipepala, achimwene," anatero Manase. "Ana anga anawerenga nthiti zawo."

Yotamu anamuyankha kuti njala imeneyo anaiitana yekha posafunsa mkazi wake, ndipo kuti lero ndiye mlimi yekhayo m'mudzimo amene sagula mankhwala a chimanga, choncho mphotho yake analandira kale. Manase anati mkazi wake mpaka lero akatsegula nkhokwe amayamba wawerenga matumba iye akuona, ndipo ngati imeneyo ndi mphotho, Yotamu angathe kudzaitenga.

Lufeyo anatembenuza chipewa pa bondo. Kenako anati, "Chimanga chimameranso. Makasitomala a yunifolomu anabwerera. Ine mpando wanga wa kutchalitchi pakhala munthu wina chaka chachinayi tsopano."

"Koma dzenjelo munakumba ndani, akulu?" anafunsa Yotamu. "Munthu akakwirira dzenje lake lomwe, tizimuombera m'manja?"

Lufeyo anayankha kuti popanda dzenje limenelo mlongo wawo akanathera Sitandade 8, ndipo sipakanakhala chilengezo chomufunira kapena matumba omupatsa. Manase anati ngati zili choncho, ndiye kuti bungwe liitane munthu kudzamuthokoza chifukwa cha bodza. Palibe amene anakweza mawu. Onse anali anthu otopa, ndipo zimene ankanenazo anali atazisunga zaka zinayi.

Mkazi wa Yotamu, amene anawabweretsera madzi, anati angolemba mayina pa timapepala n'kutola limodzi. Sungeni anakana, ndipo anachita bwino. Maere amathetsa phokoso, koma sayankha funso, ndipo awiri otsalawo akanadziwa kuti mlongo wawo anaopa kuganiza.

Atatuwo anamutembenukira, nati asankhe yekha, iwo adzalandira. Iye ankawadziwa. Ankadziwa kuti adzalandiradi ndi pakamwa, adzamuperekeza wosankhidwayo ku depoti, kenako awiri otsalawo adzayamba kuchedwa kuyankha makalata ake ndi kusowa pamaliro ndi pamaukwati amene iye alipo.

"Achimwene," anatero, "zaka zisanu ndi chimodzi ndinkadikira kuti anthu osandidziwa andisankhe, ndipo ndinkawanena kuti alibe mtima. Lero cholembera chili kwa ine. Ndikanakonda akanangondikana ngati ena aja."

Dzuwa litapendeka, Manase ananyamuka kuti apeze galimoto yopita kumudzi. Lufeyo anavala chipewa chake. Yotamu analowetsa benchi. Lachinayi masana kalatayo inali idakali pa tebulo la Sungeni, envulopu yomata kale sitampa ili pambali pake, mzere uja uli woyera.

Ine ndaima pomwepa. Musandiuze kuti onse anachita bwino, chifukwa chimenecho Sungeni akuchidziwa kuposa inu. Musandiuzenso kuti apite onse, chifukwa mpando ndi umodzi ndipo positi ikutseka mawa masana. Pali amene anapereka chakudya cha ana ake osafunsa mkazi wake. Pali amene sanataye chachikulu, koma sanatope pamene mwini wake anatopa. Pali amene anataya ulemu wake pokonza cholakwa chake chomwe, cholakwa chimene chinatsegula njira yonse. Aliyense alankhule nthawi yake ikafika, ndipo apereke chifukwa. Cholembera chikanakhala m'dzanja lanu, mukanalemba dzina la ndani: Manase, Yotamu, kapena Lufeyo?