Kadzira Kochedwa Kugawikana

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kunali mayi wina dzina lake Fanesi. Anakhala pabanja ndi Yotamu zaka khumi ndi ziwiri opanda mwana. Kenaka matenda oipa anamugwira, madokotala n'kumuchotsa chiberekero ndi zonse za m'menemo. Zinkamuwawa kwambiri, ndipo ankalira osabisa.

Mkulu wake, Enelesi, sanakwatiwepo. Ankagwira ntchito pachipatala china chakunja, kumene amakumanitsa dzira la mkazi ndi mbewu ya mwamuna m'kambale kagalasi. Iye anati, "Leka kulira, mng'ono wanga. Mbewu apereka alamu. Tipeze wopereka mazira ndi wonyamula mimba, zotsalazo undisiyire."

Mazira anapereka ndi Dorika, chitsirizira wa m'nyumba mwawo. Anabayidwa jakisoni masiku khumi, mimba n'kutupa, n'kugonekedwa milungu itatu ali kayakaya. Mwamuna amene anamutomera anati, "Ana anga wagawira anthu ndisanawaone," n'kukakwatira kwina. Mazira anapezeka asanu okha.

Tsono tamverani mmene munthu amayambira, inu amene mumayenda mwamatama. Dzira likakumana ndi mbewu limagawikana pawiri, mawa lake panayi, tsiku lachitatu pasanu ndi patatu. Likaima panjira, basi, mwana palibe. Mazira anayi anaima n'kufa. Kachisanu, pofika tsiku lachitatu, kanali kakadali panayi. Mkulu wa pachipatalapo anati, "Lamulo mukulidziwa, tayani." Enelesi anavomera ndi pakamwa pokha. Analemba kuti wataya, kambaleko n'kukabwezera m'makina ofunditsa. Atasuzumira pagalasi m'mawa mwake, anapeza kagawikana. Anakaonetsa mkulu uja. Kadzirako anakalandira, koma Enelesi anamuchotsa ntchito chifukwa cholemba bodza.

Mimba ananyamula ndi Nasimelo, mlongo wake wa Yotamu, mayi amene mwana wake mmodzi yekhayo anali atamwalira kale. Mimba ili miyezi isanu, Yotamu anafa pangozi ya minibasi. Nasimelo anabereka mwana wamkazi pa opaleshoni, magazi osaleka, mpaka chiberekero chake nachonso anachichotsa. Anayamwitsa khandalo, ndipo mchombo utagwa anakaukwirira kuseri kwa nyumba ya amayi ake.

Fanesi anamufukata mwanayo miyezi inayi yokha. Matenda aja anabwerera, n'kumutenga. Zoopsa, abale anga.

Atachoka kumanda, a Gwetsani, malume ake a Fanesi, anasonkhanitsa mbumba zonse ziwiri. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, zimenezo sitikangana. Koma kuchikazi kwake kuti?

Dorika anaimirira. "Amalume, tamuyang'anani mphuno mwanayu. Ndi magazi anga. Banja langa linathera iyeyu."

Enelesi analankhula ali chikhalire. "Mazira ako anali asanu, Dorika. Anayi ali kuti? Kameneka kakanapita m'madzi otsukira mbale ndikanamvera lamulo. Ndinakaona kali panayi, wina aliyense asanakadziwe. Ntchito ndilibe, mwana ndilibe, ndatsala ndi iyeyu."

Nasimelo anali ndi mwanayo kubere. Sanakweze mawu. "Alamu, ine zapagalasi sindizidziwa. Ndikudziwa kuti ankandimenya m'mimba muno, ndipo mchombo wake uli kwathu. Wina sindidzaberekanso. Mukafuna, mumuchotse kubereku ndi manja anu."

A Gwetsani, munthu amene anaweruzapo milandu ya minda ndi ya maukwati kosawerengeka, anaona kuti uwu ndi mlandu wina. Dorika amakhala kumudzi, Enelesi akubwerera kunja kukasaka ntchito ina, kwa Nasimelo n'kutsidya kwa mapiri, mtundu winanso. Mwana sagawikana ngati kadzira kaja. Kumene apiteko ndiye kwawo mpaka kukula, ndipo awiri atsala manja lende.

Ine pamenepa ndagoma, ndikusiyirani inu mwakhala apanu. Mukanakhala a Gwetsani, mwanayu mukanamupereka kwa yani: mwini dzira, amene anakana kulitaya, kapena amene anamubereka?