Tsiku Limene Nachanza Anazimitsa Moto wa Kuseri

Ana inu, mwambi sumera wokha ngati bowa. Pamakhala munthu amene analira kaye kuti ife tichenjere. Mwambi wa lerowu unachokera pa nkhani ya mayi wina wouma mutu, dzina lake Nachanza.

Nachanza ankakhala m'tsinde mwa phiri, kalekale anthu asanadziwe chipatala. Ntchito yake inali yodzutsa ziwalo. Munthu akafa mbali imodzi, kapena mwendo ukauma pambuyo pothyoka, abale ankamunyamula pamachira n'kukamutula m'phanga lalikulu limene mayiyu ankagwiriramo ntchito. M'menemo munali moto, mbiya za madzi otentha, ndi nsungwi ziwiri zazitali zoti wodwala azigwirira pophunzira kuyenda. Nyanga kapena ula analibe. Ankangothowa, kuwongola mitsempha, ndi kuyendetsa munthu tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Pakamwa pakenso panali powawa. Wodwala akati watopa, iye ankati, "Mukapuma kumanda, bambo. Pondani."

Anthu ankabwera atanyamulidwa n'kubwerera ndi miyendo yawo, ndipo mbiri inawanda. Apa ndi pamene analowerera mchimwene wake wamkulu, Kamwendo, mwini mbumba. Munthuyu sanathowepo ngakhale chala, koma nzeru zoyendetsera ntchito za eni anali nazo dengu lodzaza.

"Mlongo wanga," anatero tsiku lina, "anthu akubwerera pakhomo pano chifukwa malo achepa. Kuseri kwa phiri kuli phanga lina, pafupi ndi njira ya amalonda a mchere. Titsegule kumenekonso."

"Manja ndili nawo awiri okha, achimwene, ndipo onsewo amagwira munthu mmodzi."

"Uphunzitsa atsikana a m'mbumbamu. Kodi kuthowa n'kovuta? Si madzi otentha basi?"

Tisamuikire kumbuyo Nachanza. Nayenso zinamukomera kumva dzina lake likutchulidwa kuseri kwa phiri, ndipo anavomera. Atsikana anaphunzira masiku owerengeka, moto wachiwiri unayatsidwa, odwala anachuluka kawiri. Kamwendo anayamba kuika malamulo: ufa uzisungidwa uku, nkhuni uko, odwala atsopano azigona kuphanga lakale, amene ayamba kuyenda azisamukira kuseri. Nachanza m'mawa ali kuno, masana ali uko. Nthawi yake yambiri inkathera panjira, ndipo njirayo inkadutsa pathanthwe lopanda ndi mtengo umodzi womwe.

Pakati pa odwala a kwakale panali mkulu wina wosula makasu, dzina lake Chidothi, amene mwendo wake wamanzere unafa. Iyeyu analumbira kuti kwawo sadzabwerera pamachira. Atathowedwa miyezi iwiri, bondo linayamba kupinda, ndipo ankaponda kasanu ndi kanayi asanagwe. Nachanza ankamunyadira mumtima, ngakhale pakamwa ankangomukalipira.

Tsiku lina mitambo itayamba kuda, Kamwendo analamula kuti Chidothi asamukire kuseri, pakuti tsopano anali m'gulu la oyenda. Mlongo wake sanamuuze. Ana aamuna awiri a Chidothi ananyamula bambo awo n'kudutsa pathanthwe paja.

Kuseri anakapeza mtsikana ataima pakhomo. "Kuno kwadzaza, ndipo amayi sanatiuze za agogowa. Bwererani, mukawapeza kwakale."

Anabwerera. Kwakale anapeza pamphasa ya Chidothi pagona kale munthu wina. "Amalume anati agogowa ndi a kuseri," anatero mtsikana wa kumeneko. "Amayi angonyamuka kumene, adzera njira ya kumtsinje. Atsatireni."

Palibe anali ndi mtima woipa. Aliyense ankangosunga lamulo limene anapatsidwa. Anyamata aja ananyamulanso machira, ulendo wachitatu. Ali pakati penipeni pa thanthwe, mvula ya matalala inagwa. Kutsogolo anawabweza, kumbuyo anawabweza, ndiye athawire kuti? Anamutula pansi n'kumuphimba ndi matupi awo, koma madzi ankangoyenda pansi pake.

Nachanza, atamva kuseri kuti Chidothi wabwezedwa, anathamanga n'kuwapeza pamenepo. Mkuluyo ankanjenjemera, mano akugundana, mwendo uja utauma ngati munsi. Anamuyang'ana mayiyo n'kufunsa mwakachetechete, "Mayi, kodi ine ndine wa phanga liti?"

Nachanza anauza anyamata aja kuti anyamule machira. Manyazi anamugwira, kenaka mtima unamupsa. Anamugoneka Chidothi pamphasa yakeyake kwakale, namuthowa mpaka manja kutupa, koma bondo linakana kupinda. Ntchito ya miyezi iwiri inapita ndi madzi.

M'mawa mwake anapita kuseri, nanyamula mbiya yodzaza n'kukhuthulira pamoto. Phulusa linaulukira m'mwamba, atsikana anakuwa, Kamwendo anatulukira akuthamanga.

"Iwe, wapenga kodi?"

"Ndinapenga tsiku limene ndinakumverani, achimwene. Lero ndachira."

"Anthu onsewa uwapititsa kuti?"

"Amene akuyenda apite kwawo, ndiwauza abale awo chochita. Otsalawo anyamulidwe, tikagona mothithikana kwakale. Wobwera mawa adikire mpaka mphasa ipezeke."

"Dziko lonse likuseka! Azinena kuti Nachanza walephera."

"Aseke. Ali ndi mano, ndi awo."

Kamwendo anakweza mawu. "Mwini mbumba ndine. Ukatseka phanga ili, ukadzapalamula mlandu usadzandiitane."

Mawu amenewo anali olemera, ana inu, chifukwa masiku amenewo mkazi wopanda mchimwene womuimira pabwalo anali ngati nyumba yopanda chitseko. Nachanza anachita mantha, koma anatemetsa nkhwangwa pamwala.

"Mlandu ndapalamula kale dzulo pathanthwe, ndipo simunalipo. Ngati mukulifuna phangali, nazo mbiya, nazo nsungwi. Gwadani muthowe nokha. Koma dzina langa mulichotsepo, chifukwa sindilola kuti munthu azigona pansi pa dzina langa pamene manja anga sakumufika."

Kamwendo anayang'ana odwala aja, nayang'ana manja ake, osagwada. Nachanza anakoka nthambi za minga n'kutseka pakhomo pa phangalo. Malamulo onse aja anathera pomwepo. Atsikana anasungako awiri okha, nawauza kuti chaka chonse akhale pambali pake akuonerera asanagwire bondo la munthu.

Anthu anasekadi, ndipo Kamwendo sanapondenso pakhomo pa mlongo wake. Nachanza anayambiranso ndi Chidothi ngati wabwera kumene. Miyezi isanu inatha. Mkuluyo anapita kwawo ndi miyendo yake monga analumbirira, koma mwendo wamanzere ankaukoka, ndipo ndodo sanaisiye mpaka imfa yake.

Anthu obwera kudzasulitsa makasu ankamufunsa, "Kodi mayi wotchuka uja ndi amene anakusiyani chonchi?"

Iye ankaima chogwirira ndodo n'kuyankha, "Manja ake alibe mlandu. Phanga likanakhala limodzi, bwenzi nditalowa n'kuuma. Ine anandivumbwitsa ndi mapanga awiri."

Mawuwo anayenda ndi makasu ake m'midzi yonse, mpaka anasanduka mwambi umene timanena lero: mapanga awiri avumbwitsa. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wofuna kugwira ponseponse nthawi imodzi amathera panjira, ndipo vuto likafika limamupeza alibe pobisala. Enanu mudzakula n'kuyamba ntchito zanu, zidzakuyenderani, ndipo a Kamwendo anu adzabwera ndi phanga lachiwiri. Musanavomere, muyese kaye pamene manja anu akufika. Ngati mwatsegula kale, musachite manyazi kukatseka, ngakhale akusekeni. Mukachedwa, wovumbwa sadzakhala inu nokha, adzakhalanso munthu amene anakukhulupirirani.