Mmene Ng'ona Anapezera Ntchito

Njati ndi Nyumbu anakangana chaka chimene mtsinje unasefukira koopsa. Msipu unali utatsala tsidya lina lokha, ndipo ana a nyama sakanatha kuwoloka okha. Nyama zinatuma awiriwa kuti apeze woti alembedwe ntchito yowolotsa anawo.

Njati, mkulu wopupuluma uja, sanafune zoyesana. "Mvuu timamudziwa, tingomupatsa basi. Aliyense wa mano akuthwa asayandikire n'komwe."

"Kumeneko n'kukondera, achimwene," anatero Nyumbu, amene ankakonda chilungamo kuposa madzi akumwa. "Katumbu walakwanji? Onse ayesedwe mofanana. Ife tifulatire mtsinje kuti tisaone nkhope, ndipo woyamba kutibweretsera bango la tsidya lija, ntchito ndi yake."

Mbawala, mayi wa mwana mmodzi yekha, anapempha mwaulemu. "Akuluakulu, bwanji aliyense awolotse dzira osaliswa? Tifunsenso amene anakhalapo nawo moyandikana." Njati anati zimenezo zichedwetsa, Nyumbu anati kufunsa anansi ndi miseche. Kwa nthawi yoyamba awiriwa anagwirizana, koma kalanga ine, anagwirizana zopusa!

Anafulatiradi. Kumbuyo kwawo kunangomveka khuvu, khuvu, ndipo posakhalitsa bango linagwa pafupi ndi ziboda zawo. Atacheuka anapeza Ng'ona akumwetulira, Mvuu ndi Katumbu adakali pakati pa madzi.

"Ayi, uyu ndiye ayi!" anakuwa Njati.

"Tinalonjeza pamaso pa onse," anayankha Nyumbu. "Wapambana mwachilungamo."

Njati anangopukusa mutu n'kuchokapo, ngati nkhaniyo siikumukhudza. Mbawala analibe pothawira, chifukwa mkaka unali utamuuma ndi njala. M'mawa mwake anakweza mwana wake pamsana pa Ng'ona, iye n'kumasambira pambuyo.

Kusambira kokha ndiye Ng'ona ankakutha, zimenezo sitingamunamizire. Anamusiya mayiyo kutali, ndipo atafika pakuya anangoti mbwi, kumira. Madzi anafiira pang'ono, kenako anapitiriza kuyenda monga mwa masiku onse.

Mbawala anafika tsidya lina yekha. Anaima pagombe n'kumaitana mwana wake mpaka mawu anamuthera.

Phunziro: Polemba ntchito, yesani onse mofanana, koma yesani chimene ntchitoyo ikufunadi. Kukondera kumalakwira wofunsira ntchito, pamene mayeso osaganizira bwino amaliritsa amene ntchitoyo inayenera kuwathandiza.