Tsiku Lomwe Netiweki Inawakana a Latifu

A Latifu anali ndi kashopu ku Kempton Park, kufupi ndi pokwerera matakisi, momwe ankalembera anthu makalata ofunsira ntchito n'kuwatumizira pa intaneti. Chonyadira chawo chinali kompyuta yomwe anaikamo mapulogalamu awiri oyendetsera kompyuta, Windows ndi Linux, pamodzi, moti poyatsa ankasankha kolowera. Pa nkhani ya makina, iwo sankauzidwa kanthu ndi munthu.

Lachisanu lina m'mawa kunabwera a Symon, mnzawo wa ku Balaka. Kampani ina yosunga katundu pafupi ndi bwalo la ndege inkafuna dalaivala, ndipo mafomu ankatseka folo koloko tsiku lomwelo. A Latifu anawalembera a Symon kalata yokoma mu Windows, n'kudumphira mu Linux kuti aitumize. Intaneti zii. Anabwerera ku Windows, nakonso zii. Kanyali ka kumbuyo, polowera waya wa netiweki, kanali katazima.

"Zazing'ono izi, achimwene. Khalani pansi," anatero akupinda malaya.

Anasintha waya. Anazimitsa rauta, kabokosi kogawa intaneti, n'kuiyatsanso. Anailankhula kompyuta mawu okoma, kenako ena osayenera kubwereza.

Khomo loyandikana ndi kashopuko linali saluni ya a Faith, mayi wa ku Chipata, yemwe asanayambe kuluka tsitsi anagwirapo ntchito yosamala makompyuta mu ofesi ina ku Lusaka. Anasuzumira, chipeso chili m'manja.

"Bwanji a neba, thukuta lonseli? Ndione?"

"Pitani mukaluke, asisi. Khadi la netiweki la m'kati mwa kompyutayi lapsa, basi."

A Latifu anakwera takisi mpaka ku Germiston kukasaka khadi lina. Anabwera nalo dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze, koma khadilo linakana kulowa: linali lalitali kuposa bokosi la kompyutayo. Nthawi inali itadutsa fili koloko. A Symon, omwe anali atakhala miyezi isanu osagwira ntchito, anangonyamuka mwakachetechete n'kukagogoda ku saluni.

A Faith anabwera atasiya kasitomala mutu woluka theka.

"Musanalowe mu Linux, munachokera mu Windows?"

"Ee," anayankha a Latifu, maso ali kudenga.

"Ndiye khadi lanu silinapse, langokomoka. Windows mukaizimitsa nthawi zina simazimiratu, imangoodzera, ndiye khadi limatsala pakati, uku ayi, uko ayi."

Anazula pulagi kukhoma, n'kudina batani loyatsira osalisiya mpaka atawerenga makumi atatu. Atabwezera pulagi, kanyali kaja kanayamba kuphethira ngati mwana wodzuka kutulo. Kenako anawaonetsa pochotsera chizolowezi choodzeracho kuti zisadzachitikenso.

Fomu inapita kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti folo koloko ikwane. A Symon anavina pakhomo mpaka oyendetsa matakisi anawaimbira mahutala, ndipo patatha sabata ziwiri anaitanidwa kukayamba ntchito.

Koma Lachisanu lija, fomu itangopita, a Latifu anakanda kumutu, n'kuseka okha.

"Asisi, tsiku lonse ndalitaya pamsewu, chonsecho mankhwala ali kuseri kwa khoma!"

"Khomalo lili ndi chitseko, a neba," anatero a Faith akubwerera kwa kasitomala wawo.

Masiku ano kompyuta ikangotsokomola, a Latifu amayamba agogoda ku saluni asanagwire chilichonse. Anaphunzira ndi miyendo yawo zomwe akanaphunzira ndi pakamwa, pajatu safunsa anadya phula.