Khwangwala ndi Mayeso a ku Banki ya Pachulu

Kale, koma osati kale kwenikweni, pakuti madigiri anali atayamba kale kuchuluka kuposa ntchito, kunali Khwangwala ndi mnzake Nanzikambe. Awiriwa anamaliza limodzi maphunziro a kuyunivesite, anajambulitsa limodzi atavala mikanjo, ndipo anabwereranso limodzi kumudzi kukakhala pa ulova. Zaka zinkapita akulemba makalata ofunsira ntchito omwe sankayankhidwa. Poti chochita panalibe, ankangokhalira kukangana kuti wodziwa Chingerezi mwa awiriwo ndani.

Khwangwala sankaona n'komwe kuti pali chokanganirana. Iye anabadwa atavala kale suti yakuda ndi kolala yoyera, ndipo ankati Namalenga sangamuveke chotero kuti azikagwira khasu. Chingerezi ankachithyola mokweza mawu paliponse, pamaliro, kuchigayo, ngakhale pogula tomato. Mawu aafupi ankawanyoza, n'kumasankha ataliatali oti womvera angoti kakasi. Ife amene tinapitako kusukulu timamudziwa bwino Khwangwala, pakuti enafe timakumana naye pagalasi m'mawa uliwonse.

Nanzikambe ankawerenga monga momwe amayendera. Ankanyamula phazi, n'kuima, n'kubwerera pang'ono, kenako n'kuponda. Chiganizo chimodzi ankachiwerenga kawiri, nthawi zina katatu, milomo ikugwedera. Khwangwala akamuona ankamva chisoni, ndipo chisoni chakecho ankachinena mokweza.

Tsiku lina kunamveka kuti Banki ya Pachulu, komwe nyama zinkasungitsa chimanga ndi mtedza wawo, ikufuna kalaliki mmodzi. Inkafuna wa digiri yemwe sanapitirire zaka zitatu chimalizireni sukulu. Kwa awiriwa chaka chimenecho chinali chachitatu, kotero uwu unali mwayi wawo womaliza. Mayeso a masamu anakhoza onse, ndipo kunatsala a Chingerezi okha, owerenga nkhani n'kuyankha mafunso.

Amayi ake a Khwangwala atamva kuti kwatsala Chingerezi chokha, mtima wawo unakhala pansi. Iwo ndiwo anamuphunzitsa mwanayu movutikira, ndipo kwa zaka zitatu anali akuyankha mafunso a anzawo pachitsime. Tsiku lomwelo anakauza amayi a kumpingo kuti mwana wawo akukayamba ntchito kubanki.

"Amayi, mwafulumiratu," anatero Khwangwala, koma akumwetulira.

"Nanga si Chingerezi? Iwe pano timagona nacho, timadzuka nacho," anayankha amayiwo.

Nanzikambe anapeza mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, n'kuwachititsa fotokope. Anamuitana mnzakeyo pansi pa mtengo wa mango kuti ayeserere limodzi. Khwangwala anabwera atakwapatira dikishonale, pakuti iye anali kalikiliki kuloweza mawu atsopano khumi patsiku.

"Aise, taona momwe amafunsira," anatero Nanzikambe. "Amakupatsa nkhani yaifupi, pansi pake n'kulemba ziganizo. Pa chiganizo chilichonse umasankha chimodzi mwa zitatu: n'zoona, n'zabodza, kapena nkhani sinanene."

"Chachitatucho ndiye chiyani?"

"Ndiye kuti m'nkhanimo mulibe chokuuza ngati zili zoona kapena ayi."

Khwangwala anaseka mpaka dikishonale inagwa. "Ndiye kuti ine ndikhale zaka zinayi kuyunivesite, ndivale mkanjo, ndidzalembe papepala kuti sindikudziwa? Yankho limenelo anaikira osaphunzira, aise. Wa digiri amakhala ndi yankho."

"Safunsatu zomwe ukudziwa iweyo. Amafunsa zomwe zalembedwa."

"Zomwe zalembedwazo analemba ndi wophunzira ngati ine. Ndikangowerenga mzere woyamba, ndimadziwa kale komwe akupita."

Nanzikambe anabwerera ku pepala lake. Diso lake limodzi linali kale pa nkhani, linalo pa funso, pakuti maso ake amayenda lililonse palokha. Khwangwala anatola dikishonale yake n'kuuluka, akuyeserera mawu ena aatali omwe ngakhale iye sankadziwa pomwe angawagwiritse ntchito.

Tsiku la mayeso linafika. Nyama za madigiri zinadzaza holo ya banki m'mawa, ndipo kutsogolo kunaima Kakowa, woyang'anira olembedwa ntchito, atavala zoyera zokhazokha. Iye anati, "Muli ndi ola limodzi. Muyankhe molingana ndi nkhani yomwe ili papepalapo, osati zomwe mukudziwa kapena zomwe munamva." Khwangwala mawuwa anamupita pambali, chifukwa nthawi imeneyo n'kuti akukonza kolala yake.

Nkhaniyo ndikuikirani m'Chichewa, pakuti nanenso Chingerezi changa n'chapachibale ndi cha Khwangwala. Inkati mlimi wina anayanika mtedza pathanthwe n'kupita kumaliro. Pobwerako anapeza theka la mtedzawo palibe, ndipo pafumbi panali mapazi a mbalame. Kuyambira tsiku limenelo mlimiyo anayamba kusungitsa zokolola zake kubanki.

Khwangwala atangowerenga za thanthwe ndi maliro, mtima wake unadumpha. Nkhaniyi ankaidziwa. Chaka chapitacho, mayi Nungu a kutsidya kwa dambo anayanika mtedza pathanthwe n'kupita kukaika maliro a mlamu wawo, ndipo iye ndi asuweni ake anatera pomwepo. Ulova umabwera ndi njala, ndipo tsiku limenelo anadya mpaka kulephera kuuluka bwino.

Munthu wina akanachita mantha, koma Khwangwala anasangalala. Anayang'ana anzake onse atawerama pamapepala, thukuta lili kamukamu, ndipo anawamvera chisoni. Iwowo ankangowerenga nkhaniyo, pomwe iye analipo zikuchitika.

Chiganizo choyamba chinkati mlimiyo anapita kumaliro. Analemba kuti n'zoona. Chachiwiri chinkati mtedza wonse unatha, ndipo analemba kuti n'zabodza. Chachitatu chinkati mlimiyo anali mayi, ndipo apa Khwangwala sanabwererenso n'komwe ku nkhani, pakuti mayi Nungu ankawaona m'maso mwake ali ndi chitenje chawo cha maliro. Analemba kuti n'zoona.

Chachinayi chinkati mtedzawo unali wa chalimbana. Kukamwa kwake kunadzaza malovu atakumbukira kunona kwake, ndipo analemba kuti n'zoona. Chachisanu chinkati mbalameyo inabwera yokha, ndipo analemba kuti n'zabodza. Chomaliza chinkati mbalameyo inali yakuda, ya pachifuwa poyera. Apa anaimako pang'ono, n'kuyang'ana pachifuwa pake, koma wophunzira sabisa zomwe akudziwa, choncho analemba kuti n'zoona.

Nthawi inali ikadalipo yambiri, ndipo kunamuwawa kuti Chingerezi chake chonse chithere pa timayankho tating'ono chotero. Anatembenuza pepala n'kuyamba kukonza nkhaniyo. Analemba m'mawu ataliatali kuti mbalamezo zinali zisanu ndi ziwiri, kuti linali tsiku Lachinayi, ndiponso kuti sizinadye theka monga wolembayo ananenera, pakuti wina unadyedwa ndi nkhuku zomwe zinabwera pambuyo pake. Pansi pake anasaina ndi siginecha yake yokhotakhota, yomwe anali ataiyeserera zaka zitatu. Anapereka pepala patangotha mphindi makumi awiri, n'kutuluka akuyenda monyang'wa.

Nanzikambe anatuluka womaliza, khungu lake litasintha mitundu katatu chifukwa cha mantha. Anapeza mnzake akumudikira pampanda.

"Zandivuta, aise," anatero. "Mafunso anayi onse omaliza ndalemba kuti nkhani sinanene. Ndinafunafuna mawu oti mayi, oti chalimbana, osawapeza."

"Anayi?" Khwangwala anapukusa mutu. "Usadandaule. Ndikayamba ntchito ndidzakuuza pakapezeka mpata wa umesenjala."

Patatha masabata awiri, pakhomo la banki panamatidwa pepala. Panali dzina limodzi lokha, la Nanzikambe. Khwangwala analiwerenga pepalalo katatu, ndipo aka kanali koyamba m'moyo mwake kuwerenga chinthu mobwereza. Analitembenuzanso kuti aone kuseri, koma kunalibe kanthu.

Anapsa mtima n'kulowa mu ofesi ya Kakowa osagogoda. Ananena kuti pachitika zachinyengo, kuti pepala lake lichongedwenso, ndipo zonsezi anazinena m'Chingerezi chomwe chinatenga nthawi kuti chithe. Kakowa anamudikira mpaka anamaliza. Kenako anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala lija, n'kuliyala patebulo.

"Khalani pansi, a Khwangwala. Tandisonyezani m'nkhanimu pomwe alemba kuti mlimiyu anali mayi."

Khwangwala anayendetsa mlomo wake mzere ndi mzere. Anafika kumapeto, n'kuyambiranso. "Sanalembe, bwana, koma anali mayi."

"Nanga pomwe alemba za chalimbana?"

"Palibe, koma unali chalimbana."

"Nanga pomwe alemba mtundu wa mbalameyo?"

"Bwana, zimenezi musanditsutse. Ineyo ndinalipo."

Kakowa anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anamuyang'ana Khwangwala kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo maso ake anakhalitsa pa kolala yoyera ija.

"A Khwangwala, nkhani imeneyi tinaipeka tokha muno, ine ndi anzanga awiri, tikumwa tiyi. Mlimiyu kulibe, ndipo thanthweli kulibenso. Ife timafuna kalaliki woti kalata ikati matumba awiri, iye awerenge kuti awiri, osawonjezerapo zomwe zili m'mutu mwake." Anatembenuza pepala lija n'kuloza kuseri. "Koma izi mwalemba kunozi zikuoneka kuti si zopeka. Mayi Nungu amasungitsa mtedza wawo muno, ndipo chaka chatha anabwera akulira kuti awabera ali kumaliro. Linali Lachinayi."

Khwangwala anayang'ana siginecha yake kuseri kwa pepalalo. Anayesa kufuna mawu aatali oti amupulumutse, koma dikishonale yonse inali itamuthawa.

"Ndiye mwati pepalali lichongedwenso?" anafunsa Kakowa. "Tikhoza kuitana akuluakulu onse a banki kuti aliwerenge bwinobwino, kutsogolo ndi kuseri komwe."

"Ayi, bwana, lisiyeni choncho. Munachonga bwino."

Potuluka anakumana ndi Nanzikambe pakhonde, akubwera pang'onopang'ono kudzalandira kalata yake ya ntchito. Nanzikambe sananyade, pakuti zinamukhudza kuona mnzake ali zyoli. Anangoti, "Pepa, aise."

"Usandipepese ine, kapepese mayi Nungu," anatero Khwangwala akuseka kuseka kowawa. "Chaka chathunthu palibe anadziwa yemwe anadya mtedza uja. Ndachita kuvala suti, kubwera ndekha, kudzadziulula m'Chingerezi chabwino, n'kusainira. Apolisi akanavutika nane bwanji?"

Ulendo wobwerera kwawo sanauluke, anayenda wapansi kuti achedwe kufika. Chomwe chinkamuwawa kwambiri sichinali Kakowa kapena manyazi a mtedza. Ankaganiza za amayi ake, omwe anali atauza mpingo wonse, ndiponso za zaka zitatu zija zomwe tsopano zinali zitakwana. Anawapeza ali pakhonde akupeta mpunga, womwe anausunga kuti adzaphike tsiku la uthenga wabwino.

Amayiwo anaika lichero pansi n'kuimirira, nkhope ili mwee. "Tatiuza, mwana wanga. Ntchito uyamba liti?"

Khwangwala anatsegula kukamwa, ndipo mabodza atatu abwinobwino anali atafika kale palilime. Anawayang'ana amayi ake, n'kuona momwe nthenga zawo zinathothokera pomuphunzitsa. Mabodzawo anawameza.

"Nkhani sinanene, amayi," anatero motsitsa mawu.

Amayiwo anamvetsa, ngakhale sanalembepo mayeso a kubanki. Anakhala pansi, n'kutola lichero lawo, n'kupitiriza kupeta. Mpungawo anauphika ndithu, ndipo awiriwo anadya osalankhulana.

Nanzikambe anayamba ntchito Lolemba lotsatira. Mzere wa pawindo lake unkatalika chifukwa ankawerenga kalata iliyonse kawiri, ndipo nyama zinkadandaula, koma palibe yomwe inabwererako kuti wailakwitsira. Khwangwala mwayi wa kubanki unamupita. Mpaka lero mumamuona kuseri kwa msika ali mu suti yake yomweyo, akutembenuza timapepala totayidwa ndi mlomo, n'kumatiyang'anitsitsa mbali zonse ziwiri. Kuwerenga mofatsa anaphunzira ndithu, kungoti anaphunzira mayeso atatha.

Phunziro: Ukapatsidwa nkhani kuti uwerenge, yankha zomwe nkhaniyo yanena, osati zomwe mutu wako ukufuna kuonetsa kuti ukudziwa. Kuvomera kuti chinthu sichinanenedwe si umbuli, ndipo kawirikawiri ndi ife ophunzira amene timachedwa kuzindikira zimenezi. Musandifunse kuti ine ndinadziwa bwanji, pakuti nanenso kubanki sindigwirako ntchito.